Kujambula zamoyo pansi pa nyanja yozizira ya Atlantic

Nsomba ya mackerel imene timagula m'makatoni ku Soweto Market ndi m'mabutchala a ku Matero, Chilenje ndi Kalingalinga, ena amaitcha karapau, siichokera mu Kafue kapena ku Kariba. Yambiri imagwidwa m'nyanja ya Atlantic kufupi ndi gombe la Namibia, imaumitsidwa ndi ayezi ku Walvis Bay, kenako imabwera pa malole a firiji kudzera pa mlatho wa Katima Mulilo. Madzi amene nsombayi imakuliramo ndi ozizira moti munthu wosavala zoyenera akalowamo mpweya umabanika nthawi yomweyo. Komabe alipo anthu amene amalowamo dala, atabereka thanki ya mpweya, kamera ili m'manja, kuti ajambule zimene zimakhala pansi pake. Ntchito yawo ndi yovuta kuposa mmene zithunzi zawo zimaonetsera, ndipo ife a kuno kumtunda, amene tilibe gombe, tili ndi chifukwa chokwanira choimvetsa.

Choyamba n'chakuti: madzi a mu Africa azizira bwanji chonchi?

Kumadzulo kwa South Africa ndi Namibia kumadutsa mkokomo wa madzi wotchedwa Benguela, woyenda kuchokera ku Cape kulowera kumpoto mpaka kummwera kwa Angola. Mphepo ya kummwera ikawomba motsata gombe, kuzungulira kwa dziko lapansi kumachititsa kuti madzi a pamwamba akankhidwire kutali ndi mtunda. Pamalo amene asiyapo pamakwera madzi ochokera pansi penipeni, kumene dzuwa silifika. Madzi amenewa ndi ozizira, koma amabwera ndi chonde chonse cha zinthu zimene zinafa n'kuwolera pansi. Akafika powala, tizomera ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso timaswana mwachangu, tizilombo ta m'madzi timadya tizomerato, nsomba za sardine, anchovy ndi mackerel zimadya tizilomboto, ndipo mbalame, shaki ndi nyama zina zimadya nsombazo. Kufupi ndi Lüderitz ku Namibia ndi kumene madzi a pansi amakwera mwamphamvu koposa. Nkhungu imene imakuta chipululu cha Namib m'mawa imachokeranso pa kuzizira komweku.

Pali chinthu chimene chimasokoneza alendo ambiri ku Cape Town. Kumbali ya Atlantic, madzi amazizira kwambiri m'chilimwe cha kumeneko, mu Disembala mpaka Febuluwale, pamene kumtunda kukutentha, chifukwa ndi nthawi imene mphepo ya kummwera chakummawa imawomba mwamphamvu. Madzi amatha kutsika kufika madigiri 10, ndipo masiku oyamba mphepo itangowomba amakhala oyera mbee. Kumbali inayo, ku False Bay, madzi amakonda kuyera m'nyengo yachisanu, mu Juni ndi Julayi. Choncho osambira a kumeneko sayang'ana dzuwa, amayang'ana kumene mphepo yachokera dzulo ndi dzana. Yerekezani ndi nyanja zathu: Tanganyika ndi nyanja ya Malawi madzi ake a pamwamba amakhala pamwamba pa madigiri 20 chaka chonse.

Chimene chimakopa ojambula ndi nkhalango. Inde, nkhalango ya pansi pa madzi. Mumamera chomera cha mtundu wa ndere chotchedwa kelp, ndipo mtundu waukulu wa kumeneko, Ecklonia maxima, umatalika mamita opitirira 10. Chilibe mizu yeniyeni. Chimangogwira mwala mwamphamvu, thunthu lake lili ndi mphako yodzaza mpweya imene imachiimiritsa, masamba ake n'kuyandama pamwamba. Nkhalangoyi imatambalala makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera kummwera kwa South Africa mpaka ku Namibia, ndipo m'madzi otentha singamere. Mkati mwake mumakhala tishaki tating'ono topezeka kumeneko kokha. Pali pyjama shark, wamizere yakuda kuyambira kumutu mpaka kumchira, wotalika pafupifupi mita imodzi. Pali puffadder shyshark, amene akaopsezedwa amadzipinda mozungulira n'kuphimba maso ake ndi mchira. Pali octopus, nyama ya mikono 8, wosintha mtundu wa khungu lake m'kanthawi kochepa, nkhanu zazikulu za rock lobster zobisala m'ming'alu, ndi tinkhono topanda chigoba totchedwa nudibranch, tina tating'ono kuposa chikhadabo, tamitundu yowala modabwitsa. Ana a nkhono ya abalone amabisala pansi pa minga ya kanyama kotchedwa sea urchin kuti asadyedwe. Ku Duiker Island, kufupi ndi Hout Bay, ma seal, nyama zaubweya zoyamwitsa za m'nyanja, amazungulira osambira n'kumawayang'ana m'maso.

Ine ndimaona kuti anthu amalakwitsa akamaganiza kuti kukongola kwa nyanja kuli kumadzi otentha kokha, ku Zanzibar kapena ku Mauritius, kumene madzi ndi obiriwira ngati thambo. Madzi oyera kwambiri nthawi zambiri amayera chifukwa mulibe chakudya chambiri. Madzi ozizira a Benguela amada ndi msipu chifukwa adzaza moyo. Vuto la wojambula likuyambira pomwepa: chimene chimalemeretsa nyanjayo n'chomwenso chimatchinga kamera yake.

Koma tisanafike ku kamera, tiyambe ndi thupi, poti wojambula wabwino pansi pa madzi amayamba wakhala wosambira wabwino.

Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuwirikiza pafupifupi 25 kuposa mpweya. M'mawa wa Juni kuno ku Lusaka tingaime pa siteshoni ya basi madigiri ali 10 titavala juzi, n'kupirira. M'madzi a madigiri 10 nkhani ndi ina. M'mphindi yoyamba munthu amakoka mpweya mwadzidzidzi osafuna, n'kuyamba kupuma mothamanga; mutu ukakhala pansi pa madzi panthawiyo amamwa madzi. Kenako thupi limachepetsa magazi opita kumanja ndi kumapazi kuti liteteze mtima ndi ubongo, zala zimauma, ndipo kumasula lamba kapena kudina batani kumakhala ntchito. Kutentha kwa mkati mwa thupi kukatsika pansi pa madigiri 35, maganizo amasokonezeka, ndipo choopsa n'chakuti mwiniwake sazindikira kuti wasokonezeka. N'chifukwa chake aphunzitsi amati ukayamba kunjenjemera osaleka, usadikire chithunzi china, uza mnzako mukwere.

Chovala chofala ndi wetsuit, chosokedwa ndi mphira wotchedwa neoprene umene uli ndi timathovu ta mpweya mkati. Katswiri wa sayansi Hugh Bradner wa ku California ndiye anayamba kuchipanga cha m'ma 1952. Madzi amalowamo pang'ono, koma timathovuto timaletsa kutentha kutuluka msanga. Ku Cape ambiri amavala chokhuthala mamilimita 7, ndi chipewa chake, magolovesi ndi nsapato. Vuto lake n'lakuti ukamapita pansi, timathovuto timafinyika, chovalacho chimapyapyala, ndipo chimasiya kufunda pamalo pomwe madzi ali ozizira koposa. Amene amakhalitsa m'madzi amavala dry suit, yosalowa madzi konse, imene mkati mwake umavala zofunda n'kumapopamo mpweya wochokera m'thanki. Imafunda bwino, koma imafuna maphunziro akeake: mpweya ukathawira kumiyendo, munthu amatembenuka mutu pansi n'kuyamba kukwera mapazi ali patsogolo, ndipo kukwera mosalamulirika ndiyo ngozi imene osambira amaiopa kuposa shaki.

Chifukwa chake chili pa kupanikiza kwa madzi. Pamtunda, mpweya wa mlengalenga umatipanikiza ndi mphamvu imene amaiwerenga kuti bar imodzi. Mamita 10 alionse a madzi amawonjezera bar ina. Pa mamita 10 ndiye kuti ndi ma bar 2, pa mamita 20 ndi 3, pa mamita 30 ndi 4. Chipangizo cha kukamwa chotchedwa regulator, chimene Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan anachikonza ku France mu 1943, chimapatsa munthu mpweya wa mphamvu yofanana ndi ya madzi omuzungulira. Motero wosambira akadzaza mapapo pa mamita 10 n'kukwera atagwira mpweya, mpweyawo umafufuma kuwirikiza kawiri pofika pamwamba, mapapo n'kung'ambika. Lamulo loyamba la scuba, kusambira pansi pa madzi ndi thanki ya mpweya, ndi lakuti usagwire mpweya. Ojambula ndi amene amayesedwa kuliphwanya kawirikawiri, chifukwa thovu lotuluka m'kamwa limathamangitsa nsomba ndipo kupuma kumagwedeza kamera.

Kupanikiza komweko kumamaliza mpweya msanga. Thanki ya malita 12 yodzazidwa kufika ma bar 200 imasunga malita 2,400 a mpweya. Munthu wopuma malita 20 pa mphindi ali pamtunda amafunika malita 60 pa mphindi akafika pa mamita 20. Akasiya ma bar 50 osakhudza, monga mmene amaphunzitsira, watsala ndi mphindi 30 zokha. Wozizidwa amapuma mofulumira kuposa pamenepo.

Ndiye pali nayitrojeni. Mpweya umene timapuma uli ndi magawo 78 pa 100 a nayitrojeni, ndi 21 a okosijeni. Pansi pa madzi nayitrojeni amasungunukira m'magazi ndi m'minofu mochuluka kuposa masiku onse. Munthu akakwera pang'onopang'ono, amatuluka mwakachetechete kudzera m'mapapo. Akakwera mothamanga, amasanduka timathovu m'magazi, m'mfundo za mafupa, ngakhale mumsana ndi mu ubongo. Zizindikiro zake zimayambira pa kupweteka kwa phewa kapena chigongono, dzanzi, kutopa kosadziwika, mpaka kufa ziwalo. John Scott Haldane wa ku Britain anasindikiza mu 1908 ndondomeko yoyamba yokwerera mopumira, ndipo makompyuta a pamkono amene osambira amavala lero anakula kuchokera pa ntchito yakeyo. Mwambo wa masiku ano ndi kukwera modekha n'kuima mphindi 3 pa mamita 5. Kuzizira kumalowerera apanso. Munthu amalowa m'madzi ali wofunda, magazi akuyenda bwino, nayitrojeni n'kulowa msanga. Pokwera amakhala atazizira, magazi akuyenda pang'ono kumanja ndi kumiyendo, nayitrojeni n'kumachedwa kutuluka. Kuthamangira kusamba madzi otentha utangotuluka nakonso sikulangizidwa. Wodwala matendawa amapatsidwa okosijeni n'kuthamangitsidwa naye ku chipinda chachitsulo chimene amamupanikizamonso ndi mpweya, ndipo zipinda zotere sizipezeka paliponse. Bungwe la Divers Alert Network, lomwe lili ndi nthambi kuno kummwera kwa Africa, ndilo osambira ambiri amadalira pa upangiri ndi inshuwalansi ya zoterezi.

Tsopano kuwala. Madzi amameza mitundu motsatana. Kufiira kumayamba kutha, pofika mamita 5 kwatsala pang'ono. Kenako mtundu wa lalanje, kenako wachikasu. Chotsalira ndi buluu m'madzi oyera, kapena msipu m'madzi odzala tizomera. Chinthu chofiira piriwiri pa mamita 15 chimaoneka chotuwa kapena chakuda. Kuti mitundu ibwerere, wojambula amanyamula kuwala kwake, nyali zong'anima zotchedwa strobe. Koma kuwala kwa nyalizo nakonso kumamezedwa popita ndi pobwerera, choncho kumathandiza pa mita imodzi kapena awiri basi. Pachifukwa ichi lens yokokera zinthu zakutali ilibe ntchito kwenikweni pansi pa madzi. Ojambula amagwiritsa mitundu iwiri: yotambalala kwambiri, yoikidwa kuseri kwa galasi lozungulira, imene imalola kuyandikira seal kapena thunthu la kelp n'kulowetsa zonse m'chithunzi, ndi ya macro, ya tinthu tating'ono ngati nudibranch. M'njira zonse ziwiri nzeru ndi imodzi, kuchepetsa madzi amene ali pakati pa kamera ndi chojambulidwacho. Ndipo maso amanama: kudzera pa galasi lafulati la kumaso, zinthu zimaoneka zazikulu ndi gawo limodzi mwa atatu ndiponso zapafupi kuposa mmene zilili, motero woyamba kumene amaganiza kuti wayandikira pamene adakali kutali.

Mdani wamkulu m'madzi ozizira ndi tizidutswa toyandama. Amene anayendetsapo galimoto usiku pa msewu wafumbi mu Ogasiti amadziwa zimene zimachitika ukayatsa nyali zazikulu: fumbi lonse limawala, njira osaionanso. Strobe ikakhala pafupi ndi lens n'kuloza kutsogolo, kuwala kumagunda tizidutswato n'kubwerera molunjika mu kamera, chithunzi n'kudzala madontho oyera. Mankhwala ake ndi kuika nyali pa mikono yaitali kumbali zonse ziwiri, kuzipendeketsa pang'ono kunja, kuti chojambulidwacho chiunikiridwe ndi m'mphepete mwa kuwalako pamene madzi a kutsogolo kwa lens atsala mumdima. Izi zimatenga nthawi kuzizolowera, ndipo zimachitika munthu atavala magolovesi okhuthala, mafunde a pansi akumukankhira uku ndi uku pamodzi ndi nkhalango yonse.

Kamera imakhala m'bokosi losalowa madzi, la pulasitiki yolimba kapena aluminiyamu, lotsekedwa ndi mphira wozungulira wotchedwa O-ring. Tsitsi limodzi kapena kamchenga kamodzi pa mphirawo n'kokwanira kulowetsa madzi amchere, ndipo madzi amchere sakhululukira zamagetsi. Kuzizira kumabweretsa lake vuto: ukatseka bokosi pagombe kukutentha, mpweya wachinyezi umatsekeredwamo, ndipo ukalowa m'madzi a madigiri 12 galasi limachita nkhungu mkati, pamene sungapukute. Odziwa amatseka bokosi m'chipinda chozizira ndi chouma, amaikamo timapaketi ta silica toyamwa chinyezi, ndipo salisiya padzuwa m'boti. Mabatire nawonso amafooka msanga akazizira.

Luso limeneli linayambira m'madzi ozizira omwe. Mu 1856 William Thompson anatsitsa kamera ili m'bokosi m'nyanja kufupi ndi Weymouth ku England, ndipo chimene chinatuluka chinali chithunzi chosaoneka bwino konse. Louis Boutan anayamba kujambula ali pansi pa madzi iye mwini mu 1893 ku Banyuls-sur-Mer ku France. Zithunzi zoyamba zamitundu zinajambulidwa mu 1926 ndi William Longley ndi Charles Martin ku Dry Tortugas ku Florida, pophulitsa ufa wa magnesium pa chombo pamwamba pa madzi kuti kuwala kufike pansi. Lero kakamera kokwana m'thumba kamachita zimene iwo ankazivutikira masiku ambiri.

Pali chizolowezi china chimene sindigwirizana nacho. Ena akabwera ndi zithunzi za madzi amsipu amazisintha pa kompyuta kuti zikhale zabuluu, poganiza kuti ndi mmene nyanja iyenera kuonekera. Kukonza kuwala n'kololeka, koma kuchotsa msipuwo ndi kufufuta chinthu chenicheni chimene chimadyetsa nyanjayo. Choipa kuposa apo ndi kunyamula kanyama n'kukaika pamwala wokongola, kapena kutulutsa octopus m'dzenje lake ndi ndodo. Wojambula amene sanaphunzire kuyandama pamalo amodzi osagunda pansi amathyola zamoyo zimene zinatenga zaka kukula, ndipo amavundula matope n'kuonongera anzake. Achite kaye maulendo ambiri manja ali chabe, kamera ibwere pambuyo.

Nanga wa ku Lusaka angayambire pati? Sayenera kuyambira ku Atlantic. Maphunziro oyamba, amene mabungwe monga PADI ndi SSI amawatcha Open Water, amatenga masiku ochepa, amayambira m'madzi osaya, ndipo amaloleza munthu kufika mamita 18. Amaphunzitsidwa ku nyanja ya Malawi, ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, kumene mbuna zamitundumitundu zimasambira pakati pa miyala, ndipo ku Tanganyika, mbali ya Nsumbu, anthu amasambiranso ndi scuba. Madzi ake ndi ofunda, ndipo nsomba zake zing'onozing'ono ndi sukulu yabwino ya kamera. Koma chikalata chotengedwa m'madzi ofunda opanda mchere sichikonzekeretsa munthu ku Cape Town. Madzi amchere amayandamitsa kwambiri, chovala chokhuthala chimawonjezera, choncho pamafunika zitsulo zambiri za mtovu m'chiuno, ndipo kulamulira thupi kumaphunziridwanso mwatsopano. Wofika kumeneko alowe koyamba ndi mphunzitsi wa komweko. Amene ali ndi mphumu, matenda a mtima, khunyu kapena vuto la m'makutu aonane ndi dokotala asanalipire chilichonse.

Pali mfundo ina imene imatikhudza ife makamaka. Malamulo a nayitrojeni anawerengedwa poganizira munthu wotulukira pa msinkhu wa nyanja yaikulu, ndipo malo okwera kuposa mamita 300 amafuna mawerengedwe ena. Tanganyika ili pa mamita pafupifupi 770. Woti wasambira m'mawa n'kunyamuka ku Mpulungu kukwera phiri kupita ku Mbala, kumene ndi kokwera mamita opitirira 1,600, wachita chimodzimodzi ndi kupitiriza kukwera m'madzi. Lusaka ili pa mamita pafupifupi 1,280, ndipo m'ndege mpweya umachepa mphamvu kuposa apo. Malangizo a Divers Alert Network ndi kudikira maola osachepera 12 ukalowa m'madzi kamodzi, ndi 18 ukalowa kangapo kapena masiku otsatizana. Tsiku lomaliza la ulendo likhale lopuma, ngakhale tikiti yotchipa ikukoka.

Zimene ojambula akuona m'zaka zapitazi zasintha. Ku Miller's Point ku False Bay kunali malo otchuka osambira ndi shaki za sevengill, zimene zinkayenda modekha pakati pa kelp. Anangumi awiri a mtundu wa orca, otchedwa Port ndi Starboard, atayamba kupha shaki n'kumadya chiwindi chokha, zambiri zinachoka pamalopo. Mu 2017 mitembo ya shaki zazikulu zoyera inapezeka pagombe kufupi ndi Gansbaai ilibe ziwindi. Mu 2024 matenda a chiwewe anatsimikizidwa mwa ma seal a ku Cape, ndipo kusambira nawo sikuonedwanso ngati kale. Nkhono ya abalone yachepa kwambiri chifukwa chobedwa n'kugulitsidwa ku Asia. M'chaka chomwecho cha 2024 bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, linaika penguin wa mu Africa, uja anthu amakamuona ku Boulders Beach, pa gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, mabanja obereka atatsika pansi pa 10,000. Chimodzi mwa zifukwa zazikulu ndi njala: sardine ndi anchovy zimene mbalameyi imadya ndi zomwezo maboti amagwira. Mu Malichi 2025 khoti lalikulu la ku Pretoria linavomereza mgwirizano woletsa maboti amenewa kugwira nsombazi kuzungulira malo 6 oberekera mbalamezi kwa zaka 10. Namibia inadutsa kale njira yotereyi: sardine yake inagwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'ma 1970 chifukwa chogwidwa mopitirira muyeso, sinabwererenso mmene inalili, ndipo mu 2018 boma linaimitsa kugwira nsombayi.